Lole ya Mwana Wanga

Ndinafika ku Rumphi ndi sutikesi imodzi komanso kalata ya boma yonena kuti ndine taipisiti. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo amayi atamva kumene anditumiza analira ngati ndamangidwa. Chitumbuka sindinkachidziwa kupatula "yewo", zikomo wa kumeneko, ndiye ndinkangoti yewo paliponse, ngakhale munthu akundifunsa njira. Patatha chaka ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa sayansi, kwawo ku Bolero, munthu wofatsa mopweteketsa mutu. Ndikawakalipira ankayamba avula magalasi, n'kuwapukuta bwinobwino, kenako n'kundifunsa ngati ndamaliza.

Amuna angawo anabwera m'banja ndi bokosi lathabwa lokhala ndi tizipinda m'kati. M'tizipindamo munali tizitsulo tobowolabowola, tina tatitali tina tatifupi, tofiira ndi tobiriwira koma penti itasupuka. Munalinso timabawuti ndi timanati tochepa ngati nyemba, timatayala tamphira, magiya amkuwa, ndi kasipanala kotalika ngati chala. Bambo awo anali kalipentala wa pamishoni, ndipo bokosilo anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ana aamuna anayi a m'nyumbamo onse anakulira pa bokosi limeneli. Atatu atakula analisiya, koma wachinayi, amene ndinakwatiwa nayeyo, sanalisiye.

Ndinkalitcha mkazi mnzanga. Loweruka amuna a anzanga ankapita kudimba, ena ku bawo, ena kumowa. Anga ankayala mphasa pakhonde n'kukhala ngati mwana, lilime panja, akumanga galimoto. Ndinkachita manyazi, sindinama. Azimayi odutsa ndi ndowa ankapereka moni mwaulemu, koma ndinkawamva akuseka akangokhota kuseri kwa mpanda. Tsiku lina ndinasesa kanati kamodzi n'kukataya kudzala. Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a Folomu 4, anakhala kudzalako masana onse akusefa phulusa ndi sefa wanga wa ufa mpaka anakapeza.

Ntchito yawo inali ndi lamulo limodzi limene linkandinyansa kwambiri. Ankatha kumanga basi kwa milungu itatu, n'kuiyendetsa pakhonde, n'kupita nayo kusukulu kukaonetsa ana m'mene magiya amagwirira ntchito, kenako n'kubwera kudzaiphwasula yonse. Ndikafunsa kuti nanga munavutikiranji, ankati tizitsulo n'tomweto, ukafuna thirakitala uyenera kupha basi. M'nyumba mwathu munadutsa mabasi, mathirakitala, giledala, ngakhale ambulansi, koma palibe inakhalitsa kupitirira mwezi.

Munali kabuku ka zithunzi m'bokosimo, koma sankakatsatira. Ankati galimoto za m'bukumo n'za misewu yosalala ya kwa azungu, zitati zipite ku Katowo zingathyoke zisanafike pa Bolero. Ndiye ankazisintha. Ankakweza thupi la galimoto kuti lisagunde miyala, ankaika masipuling'i ochotsa m'mabolopeni, matayala ankawakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kuseri kwa nyumba anakonza kamsewu kawo kokhala ndi maenje, miyala ndi chitunda, ndipo galimoto yolephera pamenepo ankaibweza pamphasa. Zaka zimenezo matipate atangoyamba, malole ndi mapikapu a matola anachuluka pa Boma. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinaona miyendo yovala nsapato zodziwika ikutuluka kunsi kwa lole ya fodya. Anali amuna anga, tayi ali pakhosi, akuyang'ana m'mene matayala akumbuyo alumikizirana. Ndinadutsa ngati sindikuwadziwa.

Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ndinkayembekeza kuti adzakhala kumbali yanga pa nkhondo ya bokosi, koma anangoyamba kuyenda n'kukakhala pamphasa paja. Pofika zaka zisanu ndi zinayi ankadziwa giya iliyonse ndi mano ake. Awiriwo ankalankhula Chitumbuka chokhachokha akamamanga, ine n'kumangomva mbali.

Bambo ake anayamba kudwala chaka chimene tinavota kachiwiri. Chinayamba ndi chifuwa, kenako mashingozi, kenako thupi linangoyamba kutha. Aliyense ankadziwa matendawo koma palibe ankawatchula dzina. Masiku amenewo akalipentala a m'mbali mwa msewu anali atasiya kukhoma mipando, akungokhoma mabokosi a maliro. Sindinafunse kuti matendawo analowa ndi ndani m'nyumba, ndipo iwonso sanandifunse. Mankhwala amene akundisunga ine lero anali asanafike m'zipatala zathu.

Atasiya kupita kuntchito anayamba kumanga lole yomaliza. Inali tipa, yotalika ngati mkono wanga, ya matayala asanu ndi limodzi. Ukapotoza chiwongolero matayala akutsogolo ankakhota, ndipo ukazunguza kachogwirira ka m'mbali, kumbuyo kunkadzuka pang'onopang'ono n'kukhuthula katundu. Chimene chinawatengera nthawi ndi kachinthu ka pakati pa matayala akumbuyo, kamene amakaniko amati difu, kothandiza kuti lole ikamakhota tayala lina lizithamanga kuposa linzake. Magiya a m'bokosi sanakwane, ndiye anaphwasula wotchi yathu yapakhoma imene inali itafa n'kutengamo ena, akuwapala ndi tupa. Manja ankanjenjemera, kanati kamodzi kankatha kugwa kasanu kasanalowe. Inatenga miyezi inayi, ndipo inadya pafupifupi tizitsulo tonse ta m'bokosi.

Tsiku limene inakwera chitunda cha kuseri kwa nyumba itasenza mchenga, ndinali pomwepo ndikuyanika zovala. Anamuitana mwanayo n'kumuuza m'Chichewa, ndikuganiza kuti n'cholinga choti nanenso ndimve.

"Iyi sitiphwasula. Ndi yako."

Anamwalira mvula itangosiya, ndipo tinakawaika kwawo ku Bolero. Mwanayo sanalire kwambiri pamaliro, moti azimayi ena ankanong'onezana. Titabwerera pa Boma, tsiku lililonse akaweruka kusukulu ankatenga loleyo, n'kuipakira chimanga, n'kuiyendetsa mpaka kumapeto a khonde, n'kukhuthula, n'kupakiranso. Sankalankhula ndi munthu. Ndinazindikira kuti pa zonse zimene bambo ake anasiya, chimene iye akanalephera kukhala popanda icho chinali chimenechi, ndipo ndinalumbira mumtima kuti palibe adzamulande.

Patatha mwezi ndi theka kunabwera uthenga woti Lachisanu abale abwera kudzagawa katundu wa malemu.

Mantha anga sanali ongopeka. Kuofesi ndinali nditataipa makalata ambiri a amayi amasiye odandaula kuti alandidwa zonse mpaka masipuni. Kwathu komwe ku Ntcheu ndinaonapo amalume anga akunyamula zitseko za nyumba ya mbale wawo, mkazi ali pompo. Ndiye panali mnzanga woyandikana naye nyumba, mkazi wa wapolisi, wochokera kummwera, amene ankadziwa chilichonse chokhudza anthu akumpoto ngakhale anali asanalowepo m'nyumba ya Mtumbuka. Anandiuza kuti kuno poti amalowola, amasesa zonse, ndipo amafufuza mpaka m'matumba a ufa. Makina anga osokera tinawadutsitsa pampanda wa kuseri n'kukawabisa kwa iye. Lole anaikana, ati anyamata ake anayi akanaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo pamenepo sananame.

Kutchalitchi kunali azimayi achikulire a komweko amene akanandiuza m'mene mwambowo umayendera pabanja ngati limeneli. Sindinafunse aliyense. Ndinkawaona onse ngati a mbali imodzi, ndipo safunsa anadya phula.

Chimene ndinkaopa chinali chakuti alamu anga aakulu anali ndi anyamata awiri amene ankati akabwera kwathu maso onse pa lole. Ndinaganiza kuti akaiona ili chiimire, yonyezimira, aitenga ndithu. Koma mulu wa tizitsulo tosakanikirana ndi misomali yakale, ndani angaufune? Ndinati ndiiphwasule, anthu akapita ndidzaimanganso. Ndinali nditaonerera zaka khumi, ndipo ndinkadziona wanzeru. Munthu wotaipa osayang'ana zala angalephere kumanga timabawuti?

Lachisanu m'mawa ndinamuumiriza mwanayo kupita kusukulu ngakhale ankafuna kukhala kuti aone abale ake. Atangotuluka ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi ndi kasipanala kaja. Ndinayamba ndi kumbuyo kokhuthulira, kenako kanyumba ka dalaivala, kenako chiwongolero. Manati ena anali omangidwa mofooka moti ankamasuka ndi zala, ndipo ndinadziwa kuti amenewo anamanga ndi bambo ake masiku omaliza. Sindinajambule chilichonse, sindinaike chizindikiro paliponse, chifukwa khutu linali kumsewu kumvetsera pikapu ya ku Bolero. Nditafika pa difu ndinamasula kanati kamodzi, magiya onse n'kukhuthukira pachitenje changa, aakulu ndi aang'ono, ena n'kugubuduzikira kunsi kwa kabati. Pomwepo ndinadziwa kuti sindidzaibwezeretsanso. Koma kubwerera kunalibe, ndiye ndinapitiriza. Ntchito ya miyezi inayi inatha madzi a tiyi asanawire kawiri.

Zonse ndinazikhuthulira m'bokosi la zida la amuna anga, momwe munali hamala, misomali yopindika, masipoko a njinga ndi maloko opanda makiyi, n'kuvundula ndi dzanja. M'bokosi lathabwa lija ndinaikamo ulusi ndi mabatani n'kulilowetsa kuchipinda.

Anafika anthu ngati khumi. Wotsogolera anali alamu aakulu aja, mkulu wa mpingo, amene anapuma pa uhedimasitala. Panalinso azing'ono awo awiri, asuweni angapo, ndi ankhazi, ndiye kuti mlongo wa apongozi anga aamuna, mayi wokalamba wa maso akuthwa. Apongozi anga aakazi sanabwere, miyendo inali itatupa. Anayamba ndi nyimbo ndi pemphero lalitali, lotchula ine ndi mwana wanga mwachifundo moti ndinakwiya, poganiza kuti akundipaka mafuta asanandimete.

Kenako alamuwo anafotokoza m'mene zinthu ziyendere. Anati pabanja pawo za kukhitchini, za kuchipinda, mipando ndi chilichonse chimene mayi ndi mwana amagwiritsa ntchito sizikhudzidwa. Chogawidwa ndi zimene zinali za thupi ndi manja a malemu, monga zovala, nsapato, mabuku, njinga ndi zida, kuti m'bale aliyense akhale ndi chomukumbukira. Ankhazi anayang'ana pakona pamene pankakhala makina osokera, pomwe miyendo yake inasiya zizindikiro zinayi pasimenti, n'kundiyang'ana ine.

Majekete anapita, nsapato zinapita, njinga inapita kwa wamng'ono. Zonse zinayenda mwakachetechete, wolandira aliyense akuwomba m'manja n'kuti yewo. Atatsala pang'ono kumaliza, alamu aakulu anatembenukira kwa ine.

"Mulamu, tatsala ndi chimodzi. Lole ya mwana yili nkhu?"

Ankafunsa kumene kuli lole. Ndinati mumtima, si izi zija. Ndinayankha nkhope ili gwa kuti eni ake anaiphwasula asanagonekedwe m'chipatala, tizitsulo take tili m'bokosi la zida.

Anatsegula bokosilo n'kutapamo dzanja. Anatola giya imodzi ya wotchi ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsanso kachiwiri, mofatsa, ngati anaiphwasula okha ndi manja awo. Ndinati inde.

"Zachisoni chomene," anatero. "Pa Isitala nditabwera kudzamuona anandiuza kuti lole ndi ya mwana, aliyense asadzaigwire. Ndinafuna kuti lero ndinene zimenezo pamaso pa onse, kuti ana anga kapena wina aliyense asadzavute. Koma ngati pambuyo pake anaiphwasula yekha n'kuika pamodzi ndi zida, ndiye kuti anasintha maganizo. Wakufa sititsutsana naye. Tizitsulo iti n'ta adada athu, tonse tinakulirapo, tigawana."

Anasiya mpata. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti anausiya dala. Ndikanangoti pepani alamu, ndanama, ndaphwasula ndine m'mawa uno chifukwa cha mantha, akanasonkhanitsa zonse n'kumusiyira mwanayo, mwinanso iwo amene akanayesa kuimanga, poti anakulira pa tizitsulo tomweto. Ndinkadziwa zimenezi nthawi yomweyo, osati kuti ndazizindikira pokalamba. Koma panali anthu khumi, tinali titangopemphera kumene, ndipo makina osokera anali kuseri kwa mpanda. Ndinaona m'mene nkhani ikayendere ku Bolero, kuti mkazi wa ku Ntcheu uja anatiyesa akuba, ananamizira ndi wakufa yemwe. Manyazi anandikulira kuposa mwana wanga. Ndinangoyang'ana pansi.

Anakhuthulira bokosi pamphasa n'kuyamba kusankha, misomali uku, tizitsulo uku. Anaunjika milu itatu ngati tomato wa pamsika, kuyesetsa kuti pasakhale wodandaula, kachitsulo katali uku, katali uko, matayala awiriawiri. Wamng'ono ankasangalala kuti timabawuti tikwana bwino pa madigadi a njinga. Magiya a difu anagawanika patatu. Aliyense anamanga mulu wake m'kansalu, n'kuwomba m'manja.

Anandisiyira bedi, mipando, wailesi, mbale, zonse. Potsanzikana ankhazi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndikatenge makina anga kumene ndawasungitsa, angachite dzimbiri kwa eni. Anandisisita paphewa n'kukwera pikapu.

Mwanayo anafika dzuwa litapendeka. Sanavule n'komwe yunifolomu, anangolunjika pakona pamene ankaimika lole. Anayang'ana kunsi kwa bedi, kuseri kwa chitseko, kukhonde, kenako anabwera kudzaima patsogolo panga.

"Amama, lole yanga ili kuti?"

"Atenga abale a bambo ako."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo ndinadzitonthoza kuti si bodza lenileni. Anafunsa ngati ndi abambo aakulu omwe analola zimenezo. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati koma iwo ankadziwa kuti ndi yanga, adada anawauza ine ndili pomwepo. Sanalire. Anakakhala pakhonde mpaka ndinamuitana kuti adzadye, ndipo sanadye.

Patapita miyezi ingapo ndinapita ndekha ku Bolero kukaona apongozi, ndili ndi maganizo oti mwina ndipemphe tizitsuloto mwakachetechete. Ndinapeza kachitsulo kofiira kobowolabowola katakhomeredwa pa chitseko cha khola la nkhuku m'malo mwa hinjesi. Matayala awiri anali pa galimoto yamawaya ya ana a pamudzipo. Alamu aakulu okha ndi amene anasunga mulu wawo m'kabati yagalasi, pambali pa chithunzi cha bambo awo. Ndinamwa tiyi, n'kucheza za mvula, n'kubwerera osapempha kanthu.

Chaka chotsatira ndinapempha kuti andisamutsire ku Lilongwe, ndipo anandilola. Ndinkaganiza kuti mwana amaiwala. Wanga sanaiwale. Anasiya kulankhula Chitumbuka, ngakhale munthu amupatse moni ankayankha m'Chichewa. Alamu aakulu ankamulembera makalata chaka ndi chaka, nthawi zina n'kutumiza nyemba ndi mtedza kudzera mwa anthu obwera kuno, koma makalatawo sankawatsegula ndipo nyembazo sankadya. Pa mwambo woika chiliza pamanda a bambo ake anakana kupita, ndinapita ndekha n'kukanama kuti ali ndi mayeso. Agogo ake anamwalira akufunsa za iye. Nthawi iliyonse ndinkati ndimuuza akakulako pang'ono, ndipo chaka chilichonse chimene chinkadutsa chinkawonjezera zimene ndiyenera kudzayankha.

Alamuwo akanatha kumulembera zimene ndinanena tsiku lija, kapena kumutumira munthu. M'makalata amene ndinkatsegula ine mobisa munalibe mawu amodzi okhudza lole. Munkangokhala moni, mavesi, ndi funso loti adzabwera liti kudzaona kwawo.

Pano mwana wangayo ndi mayi wa ana awiri, ndipo anawo sadziwa kuti Bolero ili mbali iti. Ine ndi amene amanditcha kholo lake lokhalo, amandisamala, amandiperekeza kukatenga mankhwala, amauza anzake kuti amayi anga anavutika nane okha atalandidwa ndi achibale. Ndikamva zimenezo ndimafuna nthaka itang'ambika, koma ndimamwetulira.

Chaka chatha kunabwera foni yoti alamu aakulu amwalira. Tinali awiri kukhitchini kwake, ine ndikusadzula masamba, iye akutsuka mbale. Nditamuuza anaima pang'ono, manja ali m'madzi, n'kundifunsa ngati ndi omwe aja anamubera lole.

Ndinati ndi omwewo.